Mmene Moto Udatsikira M'chipululu cha Sonora

Munthu akamva kuti kwinakwake chipululu chapsa ndi moto sadabwa ayi. Amangoti, "Nanga si kumeneko n'kotentha ndiponso n'kouma?" Koma tiyeni tiganize pang'ono. Kodi bwalo la pamudzi losesedwa bwino lidapsapo ndi moto wolusa, ngakhale dzuwa la mu Okutobala liswe mtengo chotani? Dzuwa limaumitsa, mphepo imakupiza, koma moto kuti uyende umafuna chakudya, ndipo chakudyacho chiyenera kugundana kuyambira pano mpaka uko. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza mbiri ya chipululu china chimene kwa zaka zikwizikwi chinkauma ndi kutentha chaka ndi chaka koma osapsa kwenikweni, pamene lero chikupsa. Pozenga mlandu umenewu dzuwa liyankha mbali yake, koma tiitananso ng'ombe, njanji, ndi udzu wina umene kwawo n'kuno ku Afirika.

Chipululu ndikunenachi ndi cha Sonora. Chagona m'maiko awiri: mbali yake yakumpoto ili m'zigawo za Arizona ndi California ku Amereka, pamene yakummwera ili ku Mexico. Mizinda yake ikuluikulu ndi Phoenix, Tucson ndi Hermosillo. Ku Tucson mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita pafupifupi 300, ndipo imagwa pawiri. Yoyamba ndi yamawawa, yochokera ku nyanja ya Pacific, imene imagwa m'nyengo yachisanu, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Yachiwiri ndi yamabingu, yochokera kummwera, imene imayamba cha kumayambiriro kwa Julayi n'kukata mu Sepitembala. Pakati pa mvula ziwirizi pali miyezi ya Meyi ndi Juni, ndipo pa miyezi imeneyi ndi pamene pagona nkhani yathu.

Tikumbukire kuti nyengo zakumeneko n'zotembenuka poyerekeza ndi zathu. Pamene ife tikufunda mabulangete awiri mu Juni, iwo amakhala ali pakati pa ng'amba, monga mmene kumakhalira ku Chigwa cha Shire mvula yoyamba isanagwe. Kumwamba kumangoti mbee, popanda ndi kamtambo komwe. Kutentha kumakwera sabata ndi sabata mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo pa 26 Juni 1990 ku Phoenix kudafika madigiri 50. Chinyezi cha mumpweya chimatsika kwambiri masana, kotero kuti timaudzu tonse timene tidamera ndi mvula yachisanu timauma gwa, ukatiponda n'kumangothetheka. Dzuwa likapendeka mphepo imayamba kukuntha. Tsono kumapeto kwa Juni kumabwera mitambo yonyenga. Imachita mdima, imagunda, imaponya mphenzi, koma madontho ake amauma asanafike pansi. Ngati pali nthawi imene dziko limeneli limakhala litayalira moto mphasa, ndi imeneyi.

Komabe kale moto sunkayenda paliponse. Dziko limeneli lili ngati makwerero a masitepe atatu. Pansi penipeni pali chipululu chenicheni, cha zitsamba zaminga zomera motalikirana, china apa, china uko, pakati pake miyala ndi dothi lopanda kanthu. Mphenzi ikagwa pamenepa inkatentha chitsamba chimodzi, moto n'kufera pomwepo chifukwa chosowa podumphira. Ukakwera pang'ono umapeza zigwa za udzu. Ndipo pamwamba pa mapiri, monga a Santa Catalina ndi Rincon amene ali pafupi ndi Tucson, pali nkhalango za paini. Mu udzu ndi m'nkhalangomo ndimo moto unali mwinimudzi. Unkabwera pafupipafupi, n'kumakwawa pansi, kudya masamba ouma ndi timitengo tating'ono, n'kusiya mitengo ikuluikulu ili chiimire.

Wina afunsa kuti, tikudziwa bwanji zimenezi popeza m'mapirimo munalibe mlembi? Mboni zake ndi mitengo yomweyo. Mtengo wa paini umaonjezera mzere umodzi wozungulira m'thunthu mwake chaka chilichonse, ndipo moto ukaunyambita m'munsi umasiya chipsera pa mzere wa chaka chimenecho. Katswiri wina wa zanyenyezi, A. E. Douglass, ndiye adakhazikitsa luso lowerenga mizereyi, ndipo m'chaka cha 1937 adatsegula nyumba yofufuziramo zimenezi pa yunivesite ya Arizona ku Tucson. Omutsatira, monga Thomas Swetnam, adacheka zitsa zakale nawerenga zipsera. Adapeza kuti kwa zaka mazanamazana moto unkadutsa m'nkhalango zambiri za paini kamodzi kapena kawiri pa zaka khumi zilizonse, makamaka m'nyengo yomwe ija ya ng'amba, mvula yamabingu isanakhazikike. Adapezanso chinthu china chodabwitsa: cha m'ma 1900 zipsera zija zidangoleka mwadzidzidzi, ngati kuti wina adatseka chitseko.

Tisanaone chimene chidatseka chitsekocho, titsikenso ku sitepe yapansi, pakuti kumeneko kuli mtengo umene ukuluza kwambiri pa mlanduwu. Dzina lake ndi saguaro. Ulibe masamba; ndi chipilala chobiriwira chaminga chimene chimasunga madzi m'thupi mwake, ndipo ukakula umatulutsa nthambi zokhotera kumwamba ngati munthu wokweza manja. Umamera mwachilengedwe m'chipululu chokhachi basi. Kukula kwake n'kwa kamba. Utatha zaka khumi umakhala usanafike kutalika kwa chala, ndipo nthawi yonseyi umabisala pamthunzi wa kamtengo kena, kawirikawiri ka palo verde. Nthambi yoyamba imatuluka utapitirira zaka 50, ndipo umatha kukhala zaka 150 kapena kuposerapo, n'kutalika mamita 12. Chodabwitsa n'chakuti umachita maluwa mu Meyi ndi Juni, pamene zina zonse zafota. Mileme, njiwa ndi njuchi zimamwa m'maluwawo, ndipo agogomole amaboola zisa m'thunthu mwake zimene pambuyo pake mumagona timakadzidzi.

Eni dziko, anthu a mtundu wa Tohono O'odham, amauona mtengowu ngati mbale wawo. Kumapeto kwa Juni, zipatso zikapsa, amazigwetsa ndi ndodo zazitali zopangidwa ndi nthiti za saguaro wakufa. Amaphika madzi ake mpaka achite ngati uchi, ena n'kufulula chakumwa cha pa mwambo woitana mvula, ndipo chaka chawo chatsopano chimayambira pomwepo. Kwa iwo miyezi ya ng'amba inali nthawi yokolola ndi kuyembekezera, osati yothawa moto. Ndipo popeza saguaro ndi palo verde adakulira m'dziko losapsa, sadaphunzire kudziteteza. Khungu lawo n'lopyapyala. Moto ukawaula saguaro m'munsi, amatha kuimabe zaka zingapo akuoneka wamoyo, kenaka n'kuwola, n'kugwa.

Tsono tiitane mboni yoyamba, ng'ombe. Amene amatchulidwa kwambiri pozifalitsa m'derali ndi wansembe wa Chikatolika, Bambo Eusebio Kino, amene adafika m'chaka cha 1687 nayamba kumanga mamishoni ndi kugawa ng'ombe, nkhosa ndi tirigu. Komabe kwa zaka pafupifupi mazana awiri ziweto sizidachuluke kwambiri kumpotoku, chifukwa ankhondo a mtundu wa Apache ankathamangitsa aliyense wofuna kukhazika makola m'dziko lawo. Zinthu zidatembenuka Amereka atagula dera la kummwera kwa Arizona kwa Mexico m'chaka cha 1854, asilikali ake atagonjetsa Aapache, ndiponso njanji ya Southern Pacific itafika ku Tucson mu 1880. Sitima idabweretsa ng'ombe zochokera ku Texas ndi kwina, nitsegula misika yakutali. Dziko linali la aliyense, lopanda mipanda, choncho woweta aliyense ankathamangira kudyetsa udzu mnzake asanaumalize. Pofika 1891 ng'ombe za ku Arizona zinali zitapitirira miliyoni imodzi.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Kuyambira 1891 mpaka 1893 kudagwa chilala, ndipo kummwera kwa Arizona ng'ombe zoposa theka zidafa ndi njala. Zisanafe zidadya udzu mpaka kumizu ndi kupondaponda nthaka. Mvula itabweranso idapeza dothi lili pamtunda, nikumba zigwembe zakuya m'zigwa zimene kale madzi ankayenda mofatsa. Mtsinje wa Santa Cruz pa Tucson penipeni udayamba kudzikumbira chigwembe m'zaka zomwezo. Apa ndi pamene pali yankho la chitseko chija. Udzu umene unkanyamula moto m'zigwa ndi pansi pa mitengo ya paini udathera m'mimba mwa ng'ombe ndi nkhosa, ndipo moto udasowa njira.

Chimene ziweto zidayamba, boma lidamaliza. Nthambi yoona za nkhalango ku Amereka inkaona moto uliwonse ngati mdani, ndipo mu 1935 idalamula kuti moto ukaoneka uzikhala utazimitsidwa isanakwane 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira. Kwa zaka makumimakumi lamuloli lidaoneka ngati lanzeru. Koma m'nkhalango timitengo timene moto unkapalira tidakula mothithikana, zinyalala zidaunjikana, kotero kuti moto utabweranso sudakwawe pansi ayi, udakwera kunsonga. Tsiku lija la 26 Juni 1990, pamene Phoenix inkapsa ndi madigiri 50, moto wotchedwa Dude udatsekereza ozimitsa moto m'nkhalango pafupi ndi tauni ya Payson, nupha anthu asanu ndi mmodzi, asanu mwa iwo akaidi amene ankagwira ntchitoyo. Umu ndi mmene mwinimudzi adathamangitsidwira kumapiri, n'kudzabwerako ali chigawenga.

Nanga kuchipululu, kumene moto unali mlendo, adautsegulira ndani? Apa ndi pamene nkhani ikutikhudza ife a ku Afirika. M'zaka za m'ma 1930 mphepo zafumbi zidakokolola minda ya pakati pa Amereka, ndipo mu 1935 boma lidakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka, ya Soil Conservation Service. Akatswiri ake ndi anzawo adayang'ana madera ouma amene ng'ombe zidaononga nadzifunsa kuti: kodi padziko lapansi pali udzu wopirira chilala, wopirira mano a ziweto, womera msanga pa dothi loguga? Adaupeza kuno. Mu 1932 ku Arizona kudafika udzu wa Lehmann wochokera ku South Africa, umene lero wadzaza zigwa zambiri za kummwera kwa chigawocho. Udzu wina, wa buffel, adayamba kuuyesa pa nazale ya ku Tucson kumapeto kwa zaka zomwezo. Mbewu yake imene idadzafalikira koposa idachokera ku dera la Turkana, kumpoto kwa Kenya. Idafika ku Amereka mu 1946, naipatsa nambala yakuti T-4464.

Sindikufuna kuwanyoza anthu amenewa. Adaona nthaka ikupita ndipo adafuna kuiveka. Ndipo udzu wa buffel udachitadi zimene adaulembera. Oweta ng'ombe a ku Texas adaukonda. Ku Sonora, ku Mexico, makamaka kuyambira m'ma 1960 ndi 1970, mathirakitala adagwetsa zitsamba za m'chipululu kuti audzale, boma likuthandiza, mpaka maekala oposa miliyoni imodzi adasanduka msipu, ndipo malo amene kale ankadyetsa ng'ombe imodzi adayamba kudyetsa zingapo. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chimene sadafunse n'chakuti kalumoko kakatha kumeta kadzagona kuti.

Ife tikuudziwa bwino khalidwe udzu wa kuno. Tchire likapsa mu Sepitembala, sipapita masabata ambiri palupsa pasanabiriwire msipu, chifukwa udzu wa ku Afirika udakula pamodzi ndi moto ndi nyama zodya udzu, ndipo moyo wake udaubisa m'mizu. Udzu wa buffel ndi wotero. Njere zake n'zaubweya, zimauluka ndi mphepo ndi kumamatira ku matayala a galimoto. Udathawa m'makola, nuyenda m'mbali mwa miseu, nukwera m'mapiri a miyala oyang'ana kummwera, malo enieni amene saguaro amakonda. Kumeneko udadzaza mipata ija ya dothi lopanda kanthu. Umalanda madzi a timbande ta saguaro ngakhale popanda moto. Ukafika Meyi umauma n'kukhala chiimire, zitsinde zake zikugundana, ndipo ukayaka kutentha kwake kumapitirira madigiri 700. Moto ukadutsa, saguaro ndi palo verde amafa, koma buffel amaphuka ndi mvula yoyamba, wochuluka kuposa kale, kukonzera moto wina.

Buffel sali yekha. Pali kaudzu kena, red brome, kochokera ku maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kamene kadalowa m'dzikomo mosaitanidwa m'zaka za m'ma 1800. Kameneka kamamera ndi mvula yachisanu n'kufa pofika Meyi. Chifukwa cha iko, chipululu cha Sonora chili ndi lamulo lachilendo: chaka cha mvula yabwino ndicho chaka cha moto. Mu Meyi 1994 moto udalowa m'malo otetezedwa a Saguaro, kum'mawa kwa Tucson, ndipo ofufuza amene adatsatira mitengo yowaukayo kwa zaka zisanu ndi chimodzi adapeza kuti pafupifupi umodzi mwa inayi iliyonse udafa. Mvula yachisanu ya 2004 mpaka 2005 idagwa yambiri, chipululu chidavala maluwa, anthu nasangalala. Pa 21 Juni 2005 mphenzi idayatsa moto wa Cave Creek, kumpoto kwa Phoenix, umene udatentha maekala oposa 240,000. Pakati pa ovulala panali saguaro wina wamkulu koposa, wotalika pafupifupi mamita 14, amene ankamutcha Grand One. Adaimabe zaka ziwiri, nagwa mu 2007.

Tsopano dzuwa liyankhe mbali yake, pakuti nalonso lasintha. Kuyambira m'ma 1900 kutentha kwa ku Arizona kwakwera ndi digiri yoposa imodzi. Mizere ya m'mitengo ija ikusonyeza kuti zaka za 2000 mpaka 2021 zinali zouma koposa zaka 22 zina zilizonse kummwera chakumadzulo kwa North America pa zaka 1,200 zapitazo. Mu 2024 mzinda wa Phoenix udatha masiku 113 otsatizana, kuyambira kumapeto kwa Meyi, kutentha kukufika pafupifupi madigiri 38 kapena kuposa. Ng'amba ikuyamba msanga, udzu ukuuma msanga, ndipo masiku amene kamoto kakang'ono kangathe kulusa akuchuluka. Oyatsa nawonso achuluka. Phoenix inali ndi anthu pafupifupi 107,000 mu 1950, koma mu 2020 adakwana 1.6 miliyoni, ndipo nyumba zafika m'tsinde mwa mapiri. Unyolo wa ngolo wokhukhuza pamseu, galimoto loima pa udzu wouma, moto wophikira wosazimitsa bwino, zonsezi zikuchita ntchito imene kale inali makamaka ya mphenzi.

Chaka cha 2020 chidasonkhanitsa mboni zonsezi pabwalo limodzi. Chisanu chinali chamvula, Meyi adali wouma. Pa 5 Juni mphenzi idagwa m'mapiri a Santa Catalina niyatsa moto wa Bighorn, umene udayaka mpaka kumapeto kwa Julayi nutentha maekala pafupifupi 120,000. Anthu a ku Tucson ankauonera usiku uli mzere wofiira pamwamba pa mzinda wawo, ndipo ena a m'tsinde mwa phiri adauzidwa kuti asamuke. Patangopita sabata imodzi, pa 13 Juni, galimoto lina lidayaka m'mbali mwa mseu kumpoto chakum'mawa kwa Phoenix, ndipo moto wake, wotchedwa Bush, udadya maekala oposa 190,000, mbali ina yake nkhalango ya saguaro. Munthu amene adaona malo amenewo asanapse sadzawaonanso mmene analili, ngakhale mdzukulu wake.

Anthu akumeneko sadakhale manja lende. Mu 2005 chigawo cha Arizona chidalemba udzu wa buffel pa mndandanda wa zomera zoononga. Ku Tucson magulu a anthu odzipereka amalawirira m'mamawa, dzuwa lisanakwiye, kukazula zitsinde ndi zitsulo zokumbira, chimodzichimodzi. Mankhwala opopera amagwira pokhapokha udzuwo uli wobiriwira, ndiye kuti masabata owerengeka pachaka, ndipo kumapiri kosafikika amapopera ndi helikopita. Malo ozulidwa ayenera kubwerezedwa zaka zingapo, chifukwa njere zimagona m'dothi. Koma taonani chovuta chake: udzu womwewo umene akuuzula ku Arizona, tsidya lina la malire ndi chuma cha woweta ng'ombe, ndipo mphepo siidziwa pasipoti. Nako ku Australia, kumene adaudzala pa zifukwa zomwezo kuzungulira Alice Springs, mkangano ndi womwewo.

Ine ndikaiyang'ana mbiri yonseyi ndimaona kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene adadzuka m'mawa n'cholinga chotentha chipululu. Bambo Kino adafuna kudyetsa akhristu ake. Oweta adafuna phindu. Oyang'anira nkhalango adafuna kupulumutsa mitengo, ndipo oteteza nthaka adafuna kuchiza bala limene ng'ombe zidasiya. Aliyense adathetsa vuto la m'badwo wake nasiyira m'badwo wotsatira vuto lina. Zotsatira zake n'zakuti dziko lidaimikidwa chadodolido: moto udachotsedwa kumtunda kumene mitengo inkaufuna, nutsitsidwa kuchigwa kumene mitengo siiudziwa. Nafenso tisaseke, pakuti malonda amenewa adayenda mbali zonse ziwiri. Paini wa patula amene adadzalidwa ku Zomba ndi ku Chikangawa kwawo ndi ku Mexico, ndipo pa phiri la Mulanje adathawa m'minda yake n'kuyamba kulimbirana malo ndi mkungudza.

Akuluakulu adati kumene kwatsala tchire ndiko kumanka moto. Kwa zaka zikwi zambiri chipululu cha Sonora chidapulumuka chifukwa chosakhala ndi tchire lotere. Chitetezo chake chinali dothi lopanda kanthu lija limene alendo adaliona ngati umphawi wofunika kuuchotsa. Meyi ndi Juni adzabwerabe chaka chilichonse ndi thambo lawo loyera ndi mphepo yawo yotentha, ndipo zimenezi palibe angaziletse ndi khasu. Chimene chili m'manja mwa anthu ndi mipata ya pakati pa zitsamba. Ikatsekeka, m'malo mwa nkhalango ya saguaro mudzakhala tchire la udzu lopsa chaka ndi chaka, ndipo Atohono O'odham adzanyamula ndodo zawo zazitali mu Juni n'kusowa chogwetsa.